Chimene Chinafera M'galimoto ya Abwana

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha koopsa. Makina aakulu aja ayambanso kudumpha ulusi. Madiresi a kwaya sanathe, eni ake foni kangapo.

M'galimoto mukununkha. Osati pang'ono. Ndangotsegula chitseko m'mawa, fungo guu, ngati wina wandiphimba kumaso ndi chikolopa. Ndawafunsa Abwana, amuna angawa, ngati akulimva. Ati sakumva kanthu, mwina ndi ngalande ya m'mbali mwa msewu. Ngalande yake iti yoyenda nafe mpaka kushopu kwanga?

Munthu wake ndi yemwe uja amadziwa kuti wina anadyera nthochi m'galimoto sabata yatha. Amaipukuta kuposa nkhope yawo. Lero ati sakumva kanthu, koma mawindo onse pansi, duku langa kutsala pang'ono kuuluka.

Chakudya chawo cha masana monga mwa masiku onse: kabichi wowiritsa, dzira, kansomba. Mchere ayi, mafuta ayi. Kontena yabwerako ili mbee. Chigwereni ku ofesi mu Juni muja, adokotala n'kunena kuti BP ikadzakweranso choncho tidzakamba zina, sanabwezepo ngakhale katsamba kamodzi. Apa pokha ndimawayamikira.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Lawonjezeka. Ndafufuza pansi pa mipando iwo akumwa tiyi. Cholembera, chipeso changa chimene ndinkanamizira mng'ono wanga kuti anaba, batani, switi yosungunuka. Chonunkha palibe. Makapeti ndachotsa, ndachapa, ndayanika. Makapetiwo akununkhira sopo, galimoto ikununkhabe imfa.

Sindikudziwa n'kulifanizira ndi chiyani. Sokosi yonyowa ilimo. Dzira lowola lilimo. China chake cham'madzi chilimonso. Chimene chapanga fungo limeneli n'chopanda chisoni ndithu.

Ndimafuna kuika mpukutu wa nsalu kubuti. Abwana ati loko wa buti wafa. Wafa liti? Ati dzulo. Ndayenda ulendo wonse mpukutu uli pamiyendo, kutsogolo osaona, iwo akuimba kamluzu.

Lachinayi, 9 Okutobala

Zinthu ziwiri, ndipo zonse sizinandisangalatse.

Choyamba. M'mawa ndili kubafa ndamva phuu, kutseka kwa buti. Ndasuzumira pawindo. Abwana, chidebe kumanja, chinsanza paphewa, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Loko wakufa uja kani amadzuka ine ndikamasamba.

Chachiwiri. M'galimoto mwalowa fungo latsopano. Perefyumu. Wachizimayi, wotsekemera, wa maluwamaluwa, atakhala pamwamba pa chowola chija. Onse awiri akumveka, palibe wogonja. Ndatsegula kakabati ka pa dashibodi kufuna tishu, kabotolo kapinki kali ndeee, katatha theka.

Ati anagulira galimoto, kwa ogulitsa m'misewu, anangotola kamene kanali pafupi. Ine wapinki sindidzola, amandipweteketsa mutu, ndipo amadziwa.

Ndamuimbira mng'ono wanga masana. Ndamufotokozera zonse. Kenako: "Asisi, galimoto siidzola perefyumu."

Msoko umodzi ndasoka katatu, wokhotabe.

Loweruka, 11 Okutobala

Kugalaja. Ndinawakakamiza. Njira yonse akundiuza kuti amakaniko ndi odula, fungo limatha lokha, tingodikira mvula.

Amakaniko ake ndi akulu aja amfupi, a mphuno yotakata. Zida sanagwire. Anangolowa, kutseka zitseko, kutsinzina, n'kuyamba kununkhiza ngati akulawa tiyi. Injini yozima. Injini yolira. Eyakoni yozima. Eyakoni yoyaka. Ati fungo lililonse lili ndi kwawo. Lotsekemera ngati shuga wopserera ndi madzi oziziritsa injini akudontha. La mazira owola, batire kapena ekizozi. La labala wopsa, lamba kapena mabuleki. La sokosi, eyakoni yachita nkhungu. Ndinawafunsa kuti nanga lathuli kwawo n'kuti. Anatuluka kaye kukapuma mpweya.

Batire ili bwino. Ekizozi ili bwino. Sefa ya eyakoni anaisolola ili bii, masamba, fumbi, mphemvu ziwiri zouma. Anaika yatsopano. Ndinasangalala. Titatseka zitseko, fungo lili pompo, kungoti tsopano likubwera ndi kamphepo kabwino.

Anasuzumira mu injini kufuna khoswe wakufa. Palibe. Kenako mphuno ija inayamba kuwatsogolera kumbuyo, pang'onopang'ono, kudutsa mpando wakumbuyo, kulunjika kubuti. Pomwepo Abwana anawagwira pamkono, kupita nawo kuseri kwa mulu wa matayala. Manong'onong'o. Amakaniko kundiyang'ana, kumwetulira, kugwedeza mutu. Pobwera ati kubuti kulibe vuto, ndi khoswe basi, wafera penapake posafikika, ndiike makala ndi soda.

Amuna! Akadakhala kuti amagwirizana chonchi pa zinthu zanzeru.

Sefa talipira, fungo tabwera nalo.

Lamulungu, 12 Okutobala

Manyazi a lero sindidzawaiwala. Potuluka m'tchalitchi mayi abusa anapempha kuti tiwasiye kwawo. Ndinayesa kunena kuti tidzera kwina, koma anali atakhala kale. Analowa akukamba za kwaya. Pa geti nkhani inathera pakati. Kansalu pamphuno, maso kumwamba, milomo ikugwedera. Kaya amapemphera. Tisanafike n'komwe pa mphambano ati tiwatsitse, akufuna awongoleko miyendo. Mayi oti masitepe a tchalitchi amachita kuwagwira mkono.

Madzulo kwabwera mng'ono wanga. Takhala kukhitchini, chitseko chotseka. Iye ati kubutiko kuli katundu wa munthu: nsapato, wigi, mwina chikwama chonse. Ndinati mkazi wake ndi wotani wonunkha chonchi? Ati zokonda amuna sindingazimvetse.

Tinaseka. Kenako ndinamuuza chimene ndakhala ndikudzibisira ndekha. Mwezi watha thalauza yawo yakuda ija ndinaimasula m'chiuno. Ya bulawuni, sabata yapitayi. Ine telala, chiuno cha munthu sindingachiphonye. Kabichi wowiritsa kuyambira Juni, koma mimba ikupita kutsogolo.

Mng'ono wanga anangoti, "Ndiye kuti alamu pali amene akuwaphikira."

Perefyumu ndikanapirira. Koma kuwaphikira! Ine ndikudzuka kusanache kuwiritsa masamba kuti munthu asafe, wina uko akukazinga.

Lachitatu, 15 Okutobala

Makala pansi pa mipando. Soda pa makushoni. Viniga m'kambale, wotayikira pa nsapato zanga pa bampu yoyamba. Khofi m'sokosi, nzeru za mayi woyandikana naye shopu. Makoko a mandimu. Kamtengo konunkhira kolendewera pa galasi. Tsopano m'galimoto mukumveka ngati golosale imene yapsa, wina n'kuferamo.

Kasitomala wabweza diresi imene ndinanyamulira m'galimoto. Ati ndi yokongola koma mwamuna wake wamufunsa kuti wachokera kuti. Ndaichapa ndekha, ulere.

Kunyumba mawu ndi owerengeka. Madzi atentha. Zikomo. Chakudya chamadzulo angotolatola, ati sakumva njala. Malaya awo pochapa ndinanunkhiza kolala. Perefyumu ayi. Mafuta okazingira.

Ndalira ndili pa makina, nsalu ya kwaya yachita kadontho. Zaka zonsezi. Ana takulitsa, achoka. Tsiku limene anagwa lija ndinathamanga msewu wonse ndi silipasi imodzi. Ndinawapeza pa kabedi kamatayala, kukamwa kutapotoka pang'ono, akufunsa ngati galimoto aikhoma. Ndinalumbira kuti ine ndili moyo mchere sudzawayandikira. Lero wina akuwanyambititsa zala.

Loweruka amasamba nthawi yaitali, amameta ndevu akuimba. Makiyi amasiya m'thumba la thalauza. Ndikapeza za mkazi kubutiko, sindifunsa kanthu. Chikwama ndatsitsa kale pamwamba pa wadiropu. Mng'ono wanga ati chipinda chilipo.

Lachisanu, 17 Okutobala

Kontena yabweranso ili mbee. Ndaiyang'ana nthawi yaitali. Ati zinali bwino kwambiri, makamaka nsomba.

Chikwama chili kuseri kwa chitseko. Sanachione, kapena akunamizira.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndilembe bwinobwino, chifukwa ndikadzakalamba ndidzayesa ndinalota.

Mng'ono wanga anafika m'mawa atavala ngati akupita kukamenya nkhondo. Madzi atayamba kuwawaza kubafa, nyimbo itayamba, ndinatenga makiyi. Loko wakufa uja, kamodzi kokha, kwatsu.

M'buti mopanda kanthu. Mochapa bwino, moyera kuposa mbale zanga. Nsapato ayi, wigi ayi. Koma fungo! Mng'ono wanga anabwerera chambuyo mpaka pa mpanda. Ndinatukula kapeti ya pansi. Tayala la sipeya, jeke, sipanala. Ntchentche yobiriwira inatulukamo mosathamanga, ngati mwini nyumba.

Tinamasula chomangira tayala, kulikoka tonse awiri, tikupuma ndi pakamwa. Pansi pake jumbo, yofufuma, yophulika mbali imodzi. Msuzi wake utayenderera m'dzenje lonse la tayala n'kulowerera m'chinsalu chokhuthala choyala pansi pake. Zoyerayera zikuyendamo. Mng'ono wanga ati ndi mankhwala achikondi, mkaziyo anaika kuti alamu asamaganize zakunyumba. Ndinatenga kamtengo n'kutembenuza.

Kansalu kapepo. Kodula ndi sizasi yanga ya mano, kotsala pa madiresi a kwaya. Kamodzi mwa timene ndimakulungira dzira kuti lisasweke m'kontena.

Kabichi wanga. Dzira langa. Nsomba yanga.

Ndinaponya kamtengo pansi. Masabata awiri ndikutukwana wopanga fungo, ndikumutchula mfiti, wopanda chisoni.

Abwana anatulukira atamanga thaulo, thovu tsaya limodzi, lezala kumanja. Anayang'ana ine, tayala, jumbo. Anati, "Kani inatsalako imodzi."

Nkhani yake ndi iyi, monga anaifotokozera ali chiimire pabwalo ndi thaulo. Sabata yoyamba mu Juni ankadya ndithu. Yachiwiri, ati kummero kunayamba kutseka kokha akangomva chivundikiro chikutseguka. Ndiye ankapatsa alonda a pa geti ya ku ofesi, iwo n'kuzembera kuseri kwa ofesi kumene amagulitsa tchipisi ndi nkhuku yokazinga. Wowaphikira uja ndi bambo wandevu wa epuloni yamafuta. Alondawo ankatsuka kontena bwinobwino, n'chifukwa chake inkabwera ili mbee. Zonse zinkayenda, mpaka alonda anapita kutchuthi kumapeto kwa mwezi wathawu. Wolowa m'malo mwawo analawa tsiku limodzi, mawa lake anati akusala kudya. Galu wa pa malo oimika magalimoto ananunkhiza n'kuchokapo.

Ndinafunsa kuti nanga bini ku ofesiko kulibe? Apa ndiye anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Chakudya choti mwadzukira kusanache, Mayi, ine ndikachiponye m'bini chili chabwinobwino? Dzanja linkakana."

Ndiye nzeru zawo zinali zoti azithira m'jumbo, kumanga, kubisa pa sipeya, kudikira chiwonongeke. Chikawola ati si chakudyanso, chimatayika popanda tchimo. Munthu wamkulu, wa tayi, woyang'anira anthu ku ofesi. Fungo litayamba anataya majumbo onse, kuchapa buti m'mawa uliwonse, osadziwa kuti imodzi inatsetserekera kunsi kwa tayala. Nawonso ati mutu unaima, amafika poganiza kuti mwina khoswe uja alipodi.

Nanga amakaniko aja, Abwana anawauza chiyani kuseri kwa matayala? Ati anawauza kuti kubuti abisako mphatso yanga.

Mng'ono wanga anakhala pansi pa simenti, kuseka mpaka kutsokomola, misozi mbwembwembwe. Ine kuseka kunabwera, mkwiyo unabwera, zonse nthawi imodzi. Ndinangowauza kuti akamalize kumeta, mphatsoyo ndikuidikira.

Chikwama ndabwezera pamwamba pa wadiropu iwo asanatuluke kubafa. Nyimbo sinapitirire.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kutchalitchi tapita wapansi. Mayi abusa atipatsa moni ali patali.

Masana ntchito. Ndinawapatsa magolovesi, ine mpando ndi ambulera. Chinsalu chokhuthala chija tataya, sichikanapulumuka. Dzenje la tayala madzi otentha ndi sopo, kutsuka, kukhuthula, kutsukanso. Pansi pake pali kachotsekera ka labala, ukachotsa madzi amatuluka okha. Tayala lenilenilo kulikwecha ndi bulashi, jeke yemwe. Kenako soda wambiri, buti yotsegula, zitseko zonse zotsegula, padzuwa mpaka madzulo. Makala ndasiya. Viniga, khofi, mandimu, kamtengo, zonse kubini. Kabotolo kapinki katengedwa ndi mng'ono wanga, ati kasawonongeke.

Kenako ndinachita chinthu chimene chiyambire Juni sindinachitepo. Chawo ndimaphika padera, m'kapoto kakang'ono, changa ndi mchere wanga. Lero ndinatapa supuni imodzi ya kabichi wawo.

Abale. Ngati kutafuna nsanza yonyowa. Ndinayesa kumeza, kummero kunatseka kokha. Ndinalavulira m'sinki mwakachetechete. Galu uja sindimuimba mlandu.

Sindinawauze. Koma anali pakhomo la khitchini, ndipo anaona. Anangopita kukatembenuza makapeti. Ulemu umenewo ndiwusunga.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Kuchipatala, tsiku lawo loyezetsa. Kale ankapita okha n'kubwera ndi nkhani yoti zili bwino. Lero shopu ndatseka, ndawaperekeza.

Anamwino anayeza BP, kukwinya nkhope, kuyezanso mkono winawo. Yakwera. Yatsala pang'ono kufika pa mu Juni paja. Anafunsa ngati kunyumba akutsatira zakudya zija. Abwana maso pa nsapato. Ndinayankha ndine, kuti kunyumba zikutsatidwa bwino kwambiri, vuto ndi amene akudya.

Mankhwala awonjezera. Ndinafunsanso za kaphikidwe, ndikuchita manyazi, mayi wamkulu ngati ine. Ati mchere ndi mafuta ambiri ndiye ayi, koma adyo, anyezi, tomato, mandimu, tsabola, kuwotcha m'malo mowiritsa, palibe analetsa. Ine ndinangomva mawu akuti ayi mu Juni muja, ndi mantha, n'kuchotsa chilichonse chimene chimakoma.

Pobwerera m'galimoto muli zii. Fungo kulibe, nkhani kulibe. Sabata yatha ndimaopa mkazi. Mkazi ndikanamupeza, ndikanamulalatira, bambowa akanabwerera ndi manyazi awo. Ichi chikawatenga sindidzapeza wokamulalatira. Pa maloboti ndinawauza choncho. Anagwira dzanja langa mpaka a kumbuyo anayamba kuimba mahutala.

Lachinayi, 23 Okutobala

Makontena awiri. Nsomba yowotcha, mandimu, adyo, kabichi wongofwafwaza ndi tomato. Ndalawa ndisanatseke. Masana ndakwera basi mpaka ku ofesi kwawo, osawauza.

Pa geti bambo wina wamtali, wowongoka, yunifolomu ikuchita kulendewera. Nditatchula amene ndikufuna, anayang'ana makontena, kenako ine, n'kuvula chipewa. Alonda aja, abwerako kutchuthi.

"Mayi, kani ophika aja ndinu? Mulungu akudalitseni. Ine BP inatsika, mawondo anasiya kupweteka, lamba ndaboola mabowo awiri atsopano. Kuchipatala akudabwa."

Miyezi yonseyi ndakhala ndikuchiritsa mwamuna wa eni.

Abwana anatulukira pa chitseko cham'mbali, chakumene kumachokera utsi wa tchipisi, chikwama cha ndalama chili kale m'manja. Atandiona anachibweza m'thumba pang'onopang'ono. Ati amangopita kukatsanzika.

Tadyera m'galimoto, pamthunzi. Kukatentha kafungo kamabwerabe pang'ono kuchokera kumbuyo, amakaniko ati kadzatha ndi dzuwa. Supuni iliyonse ndimaiperekeza ndi maso mpaka kummero. Anamaliza, kupukuta kontena ndi chala, n'kufunsa ngati yanga ndimaliza. Alonda amatiyang'ana chapatali ndi nkhope yamaliro. Mawa makontena atatu, sindingawasiye panjira munthu akuchira.

M'kakabati muja munali kabotolo kapinki ndaikamo tepi yanga yoyezera. Anaseka, ati ndayamba upolisi. Aseke. Thalauza yakuda ija nsalu yake sindinadule, ndinangoipinda mkati. Ndikufuna ndidzaibweze m'chiuno ndi manja angawa, eni ake ali chiimire pakati pa shopu, akudandaula kuti ndikuwabaya ndi mapini.